Wotchi yagwa nditangofupikitsa lamba wake: vuto ndi langa kapena la wokonza?

Tiyamike: Moni nonse. Pepani uthenga wanga utalikirapo, koma mtima ukundiwawa ndipo ndikufuna nzeru zanu. Ndili ndi wotchi ya lamba wachitsulo imene anandisiyira malemu bambo anga. Iwo anali ndi mkono waukulu, ine wanga ndi wochepa, ndiye kwa zaka ziwiri yakhala ikungogona m'kabati chifukwa ndikaivala inkatsetsereka mpaka pachikhatho. Sabata yatha ndinalimba mtima n'kupita nayo kwa wokonza mawotchi kuti achotseko malinki atatu, tizigawo tolumikizana timene timapanga lamba. Ntchito yonse sinakwane mphindi 10, ndinalipira n'kutuluka ndikumwetulira. Dzulo ndikukwera masitepe ndinangomva kuti phwaa! Kuyang'ana pansi, wotchi ili apo, lamba wamasuka pakati, galasi lang'aluka m'mphepete. Chitsulo sichinathyoke ayi. Ndi kapini kamodzi kamene kanangotuluka kokha, ndipo ndinakatola kali kowongoka bwinobwino. Bambo anaivala wotchi imeneyi zaka zoposa 20 osagwapo n'kamodzi komwe. Ine masiku asanu okha. Kodi ndine ndinaivala molakwika, kapena munthu uja ndiye anaononga?

Chikondi: Ayi pepani achemwali. Chinthu chosiyiridwa ndi kholo chimapweteka mosiyana. Koma musadziimbe mlandu, wotchi siivalidwa molakwika mpaka pini kutuluka yokha.

Mphatso: Bwererani nayo lero lomwe. Mukachedwa adzati mwaigwetsa nokha.

Bambo Mbewe: Mayi Tiyamike, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndayamba kukonza mawotchi ndili mnyamata. Tisanaweruze munthu, ndikufunseni zinthu ziwiri. Kapini mwatolako mukayang'ane bwino pakuwala. Kodi kali ndi mng'alu mbali imodzi ngati kawaya kopindidwa pawiri, kapena ndi kosalala konseko ngati singano yopanda diso? Chachiwiri, tembenuzani lamba muone mkati mwake ngati muli timivi tojambulidwa pa malinki.

Tiyamike: Zikomo bambo. Ndi kosalala konseko, kalibe mng'alu, kalibenso mutu. Timivi tilipo, tonse taloza mbali imodzi.

Bambo Mbewe: Basi ndadziwa chimene chachitika. Malamba achitsulowa kunja amaoneka ofanana koma mkati mwake amagwirana mosiyana. Ambiri otsika mtengo ali ndi pini yong'aluka ija ndimafunsayi. Mbali yong'alukayo imakhala yotambasuka pang'ono, ndiye ikalowa m'bowo imadzigwira yokha. Ena ali ndi tisikuluwu, monga lamba wa Oyster wa Rolex. Wanuyo ndi wa mtundu wina: pini yake ndi yosalala, ndipo payokha siingagwire kanthu. Imagwiridwa ndi kapaipi kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa mutu wa machesi, kamene kamabisala m'bowo la linki, pena pakati, pena kumapeto. Ife timangoti kolala. Mawotchi ambiri a Seiko ndi Citizen ali ndi malamba otere, ndipo kunena zoona ndi kamangidwe kolimba zedi, pini siisuntha ngakhale zaka zitadutsa. N'chifukwa chake bambo anu sinawagwerepo.

Vuto limabwera munthu akakhoma pini asakudziwa kuti muli kolala. Pini ikangotuluka, malinki akalekana, kakolala kaja kamagwera pathebulo kapena pansi, iye osakaona n'komwe. Pobwezeretsa, pini imalowa mofewa, lamba n'kumaoneka ngati wagwira. Inu mukuyenda, mukugwedeza mkono, iyo ikusololoka pang'onopang'ono, mpaka tsiku limene ingotuluka. Ndiye mlandu si wanu. Koma chimene ndikukupemphani n'chakuti musaivalenso, chifukwa ngati anachotsa malinki mbali zonse ziwiri, mwina mbali inayonso mulibe kolala.

Tiyamike: Mayo ine. Ndiye kuti akanangoyang'ana kaye bwino, zonsezi sizikanachitika?

Bambo Mbewe: Eya mayi. Mmisiri wodziwa ntchito akatulutsa pini yoyamba n'kuona kuti ndi yosalala, amaima kaye n'kufunafuna kolala. Ine ndimagwirira ntchito m'kathireyi kokhala ndi m'mbali, pansalu yoyera, chifukwa kanthu kameneka kakagwa pansi simungakapezenso.

Limbani: Nkhani yanga ikufanana ndi imeneyi koma ine zinali za tisikuluwu. Ndinapereka wotchi yatsopano, yongotuluka m'bokosi, kwa munthu wina amene amakonzanso mafoni ndi magalasi a maso. Ndinkamuona akulimbana nayo, sikuludiraiva ikuterereka kawiri katatu. Pondibwezera, timitu ta tisikuluwu tiwiri tinali titaphwanyika, ndipo m'mbali mwa malinki munali mizere yokalika ngati padutsa mphaka. Nditafufuza ndinamva kuti makampani ambiri amapaka kamankhwala komatira pa tisikuluwu timeneti kuti tisamamasuke tokha, ndiye ukafuna kumasula umayenera kutenthetsa kaye pang'ono kuti kamatidweko kafewe. Ndiponso sikuludiraiva imayenera kukwana ndendende mumpata wa kamutuko, osati yongoyandikira. Iye anangotenga imene inali pafupi. Mpaka lero ndikayang'ana mbali imeneyo mtima umandiwawa.

Bambo Mbewe: Achimwene a Limbani mwafotokoza molondola. Pobwezeretsa ambiri timagwiritsa ntchito mankhwala omatira a Loctite 222, ya mtundu wa pepo ija, chifukwa ndi yofooka, imagwira koma mawa n'kumasukanso. Kadontho kakang'ono pansonga ya singano basi. Ena amaika yolimba kwambiri kapena guluu wamba, ndiye wodzakonza pambuyo pake ndi amene amalira.

Mayi a Dalitso: Ine funso langa kwa achemwali a Tiyamike ndi lakuti, malinki atatu anachotsawo anakupatsani?

Tiyamike: Anandipatsa awiri. Lachitatu sindinalione, ndipo nthawi imeneyo sindinaganizeko zofunsa.

Mayi a Dalitso: Mukafunse ndithu. Ine zinandionekera. Ndili mtsikana ndinachotsetsa malinki anayi, wokonzayo anangowakankhira m'dirowa yake, ine osalabadira. Patapita zaka, nditabereka ana awiri, mkono unakula, wotchi inayamba kundithina mpaka kusiya chidindo pakhungu. Kubwerera kuja, munthu anasamuka kalekale. Ndinayenda m'malo ambiri kufuna malinki ofanana, osawapeza. Aliyense ankandiuza kuti lamba aliyense ali ndi malinki akeake, kukula kwake, kupindika kwake, ngakhale mabowo ake, ndipo kampani inasiya kupanga mtundu umenewo. Mapeto ake ndinagula lamba wina amene sagwirizana ndi wotchiyo. Malinki otsala ndi anu, munawagula limodzi ndi wotchi. Muwasunge mu envelopu pamodzi ndi mapini ake.

Chikondi: Zoona zimenezo. Ndipo ukadzafuna kuigulitsa, wogula aliyense amayamba wafunsa ngati malinki ali onse.

Bambo Mbewe: Palinso phindu lina pa nkhani ya mayi Tiyamike. M'malinki awiri anakupatsaniwo mwina mwatsalira kolala imodzi kapena ziwiri. Musawagwedeze kapena kuwapukuta. Aikeni m'kathumba ka pulasitiki momwe alilimo, wokonza wina akhoza kuzitulutsa n'kuziika pamene zikusowa.

Yamikani: Ine ndinene maganizo osiyana pang'ono. Nkhani zonsezi ndi zimene zinandipangitsa kusiya kupereka wotchi yanga kwa munthu. Ndinagula kachipangizo kokankhira mapini, kahamala kokhala ndi mutu wa pulasitiki ndi kachitsulo kochotsera mapini a sipiling'i, aja amalumikiza lamba ku wotchi, ndinaonera mavidiyo angapo pa YouTube, basi. Pano ndafupikitsa malamba asanu ndi limodzi, anga ndi a abale, palibe wagwapo. Lamulo ndi losavuta: pini imatuluka kulowera kumene muvi waloza, ndipo pobwezera imalowa motsutsana ndi muvi. Munthu amene amasamala wotchi yako kuposa wina aliyense ndi iwe mwini.

Thokozani: Achimwene, inu muli ndi manja okhazikika ndi maso akuthwa. Si tonse. Ine ndinamvera malangizo ngati amenewa, ndinayesa pa wotchi ya akazi anga ya lamba wa ceramic, woyera uja. Kukhoma kachiwiri linki inasweka ngati mbale. Ceramic siikalika msanga, n'chifukwa chake anthu amaikonda, koma siipindika, ikapanikizika imangosweka. Ndipo linki yosweka siwotchereredwa. Tinadikira miyezi iwiri kuti ina ibwere.

Yamikani: Pepani, koma pamenepo munayambira pamwamba. Ceramic ngakhale ine sindingaikhudze. Ndimanena malamba wamba achitsulo.

Bambo Mbewe: Ine sindiletsa munthu kuphunzira, chifukwa nanenso ndinaphunzira poononga mawotchi akale opanda ntchito. Koma achimwene a Yamikani, mwa malamba asanu ndi limodziwo, ndi angati anali a kolala?

Yamikani: Kunena chilungamo, palibe. Onse anali a pini yong'aluka.

Bambo Mbewe: Ndi pamenepo. Lamulo la muvi ndi loona, koma munthu uja anakonza ya mayi Tiyamike mwina analitsatiranso bwinobwino. Chimene sanadziwe n'chakuti pali mtundu wina. Ndipo ilipo ina yovuta kuposa apo, ya tisikuluwu tiwiri, kena uku kena uku, pini pakati, imene imafuna kugwira mbali imodzi uku ukumasula inayo. Ndiye phunzirani, koma musaphunzirire pa wotchi ya malemu bambo anu.

Yamikani: Pamenepo ndavomera.

Mphatso: Langa linali losiyana. Palibe chinagwa, palibe chinakalika, koma wotchi inkandisowetsa mtendere. Nthawi zonse nkhope yake inkathawira kunja kwa mkono, ndikafuna kuona nthawi ndiyambe ndaitembenuza. Loko wake, chomangira lamba chija, m'malo mokhala pansi pa mkono ankakhala chakumbali, pafupa. Ndinapirira miyezi inayi ndikuganiza kuti mkono wanga ndiwo wopindika. Mnzanga wina ataiona anangowerenga malinki: mbali ya nambala 12 anali anayi, mbali ya nambala 6 anali asanu ndi atatu. Wokonza uja anachotsa onse anayi mbali imodzi kuti asavutike kumasula kawiri.

Bambo Mbewe: Ulesi umenewu ndi wofala. Malinki amachotsedwa mbali zonse ziwiri kuti loko akhale pakati penipeni pansi pa mkono. Akakhala osagawika mofanana, nthawi zambiri mbali ya 6 ndi imene iyenera kukhala yaifupi, makamaka kwa anthu a mikono yochepa. Chifukwa chake n'chakuti loko wopinda uja ali ndi chitsulo chachitali mkati chimene chimaloza mbali ya 12, ndiye chimene tikufuna kuti chikhale pakati ndi chitsulo cha mkaticho, osati chivundikiro chokha chimene mumachiona kunja. Ndikamufupikitsira munthu ndimamuveka kaye, ndimamuuza agwedeze dzanja, apinde, alendeweretse, kenako ndimaona pamene loko wakhala.

Chikondi: Nanga kuthina koyenera ndi kotani? Ine ndikachotsa linki imodzi imathina, ndikaibwezera imakhwepa. Ndatopa nazo.

Limbani: Ambiri amayesa ndi kachala kakanise: kazilowa movutikirapo pakati pa loko ndi mkono. Koma mudziwe kuti mkono sukhala chimodzimodzi tsiku lonse. Kukatentha umatupa, kukazizira umaphwa, madzulo umakhala wokulirapo kuposa m'mawa. Ndiye mukakayezetsa m'mawa kozizira n'kuthinitsa ndendende, masana mudzavutika. Yang'anani m'mbali mwa loko wanu. Ngati muli timabowo titatu kapena tinayi totsatizana, ndi tosinthira pang'onopang'ono, mukhoza kusuntha kapini ka sipiling'i kuchoka bowo lina kupita lina osachotsa linki. Malamba ena amabweranso ndi linki yatheka, yofupikirapo kuposa zinazo, yopangidwira vuto lanu lomweli.

Chikondi: Wanga alibe timabowo. Ndi loko uja amatseguka mbali zonse ziwiri ngati mapiko a gulugufe.

Limbani: Aaa, amenewo ndi okongola chifukwa amabisika, lamba amaoneka ngati alibe polumikizira, koma ambiri alibe posinthira. Chiyembekezo chanu ndi linki yatheka basi. Funsani kumene munagula ngati ilipo ya mtundu wanu. Makampani anaiona kale nkhani imeneyi, n'chifukwa chake ena anayamba kupanga maloko osintha ndi chala. Rolex ili ndi Easylink imene imawonjezera mamilimita 5, komanso Glidelock ya pa wotchi ya Submariner imene imasuntha mamilimita awiriawiri mpaka pafupifupi 20. Tudor ili ndi T-fit ya mamilimita 8. Ngakhale lamba wachitsulo wa Apple Watch ali ndi timabatani mkati, ukadina linki imachoka popanda chida chilichonse. Ndipo kumbali ya zotsika mtengo, Casio A158W ija loko wake amangotsetsereka pa lamba, ukatukula kachitsulo kamodzi n'kuika pamene ukufuna. Malamba oluka ngati ukonde aja, amene amati Milanese, nawonso ndi chimodzimodzi.

Agogo Nachisale: Ana anga, ndilowererepo ndi funso la ife okalamba. Ine zala zinauma, maloko anuwa sinditha kutsegula. Ndimavala lamba wotamuka uja, wongolowetsa dzanja ngati chibangili. Wandikulira tsopano chifukwa ndaonda. Ndapita kwa okonza awiri, onse akuti amenewa safupikitsika, ndigule wina. Kodi n'zoona?

Bambo Mbewe: Agogo, si zoona. Amafupikitsika, kungoti ntchito yake ndi yotopetsa ndipo achinyamata ambiri sanaiphunzire. Malamba amenewa ndi akale ndithu: Fixoflex inachokera ku Pforzheim ku Germany m'zaka za m'ma 1950, ndipo Speidel ya ku America inatulutsa Twist-O-Flex mu 1959. Alibe mapini. Tizigawo take timagwirana ndi tizitsulo topindika ngati chilembo cha U, kumwamba ndi kumunsi. Umatukula timilomo ta m'mphepete, kusolola tizitsuloto, kuchotsa tizigawo tofunika, kulumikizanso, n'kupindanso timilomo tija. Pamafunika kuleza mtima chifukwa masipiling'i ake amafuna kuthawa. Funani wokonza wachikulire, adzakuchitirani.

Agogo Nachisale: Zikomo bambo. Ndimuuza mdzukulu wanga andifunire. Chokhacho chimene ndimadana nacho n'chakuti amatsina khungu.

Thokozani: Kwa ife a cheya chambiri pamkono ndiye amazula ndithu agogo.

Madalitso: Pepani ndibweze nkhani pambuyo pang'ono. Ine yanga inagwa koma sipanali pa malinki, panali pamene lamba amalumikizana ndi wotchi yeniyeniyo. Ndinapita kukasinthitsa batire, munthuyo anachotsa lamba kuti agwire bwino ntchito, kapini ka sipiling'i kanamuthawa, iye n'kutenga kena m'bokosi mwake. Patatha mwezi wotchi inagwera m'sinki. Wina atayeza anapeza kuti mpata wa wotchi yanga ndi mamilimita 20, koma kapini anaikako kanali ka 18, kamene kankangogwira ndi nsonga. Tinthu timeneti timayenda ndi muyeso, 18, 20, 22, ndipo kunenepa kwakenso kumasiyana. Mawotchi osambira nawo a Seiko amafuna mapini onenepa, ukaikapo woonda amagwedera n'kumakulitsa bowo. Kanthu kotchipa kwambiri pa wotchi yonse, koma ndi kamene kanyamula zonse.

Chikondi: Ndiye tidalire ndani abale? Aliyense pano ali ndi bala lake.

Mayi a Dalitso: Alipo abwino. Amene ndimapitako masiku ano asanagwire wotchi amayamba waiyang'ana ndi kagalasi kake ka padiso, n'kundionetsa mokalika monse mmene muli kale kuti tisadzakangane. Amamata tepi m'mbali mwa malinki asanayambe. Akamaliza amandiuza kuti ndiivale masiku angapo, ikapanda kukhala bwino ndibwerenso adzasinthe. Amachedwa, pena umakhala theka la ola, koma sindinadandaulepo.

Limbani: Ine chizindikiro changa ndi zida. Ndikaona munthu watulutsa msomali, pulayala ndi hamala wamba, ndimatenga wotchi yanga n'kutsanzika mwaulemu. Wokhala ndi kathabwa kogonekapo lamba ndi zokankhira za misinkhu yosiyanasiyana, ameneyo ndimakhala pansi. Sindikunena kuti akhale ndi zida za Bergeon za ku Switzerland zokhazokha ayi, koma zikhale zida za ntchitoyo. Ndipo ndimajambula wotchi mbali zonse pafoni ndisanaipereke.

Bambo Mbewe: Ndiloleni ndiyankhulireko anzanga a ntchito, chifukwa makasitomala nanunso muli ndi mbali yanu. Munthu amabwera akuthamanga, akuti "ndili ndi mphindi zisanu, chotsani msanga." Ukamuuza kuti pini yachita dzimbiri iyenera kunyowetsedwa kaye ndi mafuta, amaona ngati ukufuna kumudyera. Ena amabweretsa lamba amene sanatsukidwepo zaka 10, thukuta ndi fumbi zaumbana m'malinki mpaka mapini anamatirira. Ukakhoma mwamphamvu pini imapindika, mlandu n'kukhala wako. Sindikuikira kumbuyo amene anataya kolala za mayi Tiyamike, analakwa ndithu. Koma ntchito yabwino imafuna nthawi, ndipo nthawiyo amapereka ndi mwini wotchi.

Madalitso: Mwatchula za litsiro, ndifunse. Wotchi ya amalume anga lamba wake anatamuka, ukaigwira chopingasa lamba amalendewera pansi ngati chingwe. Kodi chitsulo chimatamuka?

Bambo Mbewe: Anthu timati watamuka koma chitsulocho sichitamuka. Chimene chimachitika n'chakuti fumbi ndi timchenga zikalowa pakati pa pini ndi bowo, n'kusakanikirana ndi thukuta, zimakhala ngati sandipepala. Mkono ukamayenda, pini imadyeka n'kuonda, bowo limadyeka n'kukula. Pa linki imodzi mpatawo ndi wochepa, koma ukaphatikiza malinki 20 lamba amatalika n'kumalendewera. Kuvala wotchi yokhwepa kwambiri kumafulumizitsa zimenezi chifukwa imangogwedezeka tsiku lonse. Zimaoneka kwambiri pa malamba a tizigawo tambiri ting'onoting'ono, monga Jubilee amene Rolex inatulutsa mu 1945 pamodzi ndi wotchi ya Datejust, komanso pa agolide chifukwa golide ndi wofewa. Malamba akale ambiri analinso a chitsulo chopyapyala chongopinda, osati chathunthu ngati a masiku ano.

Kukonza kumatheka. Alipo amisiri amene amaphwasula lamba yense, kuika mapini atsopano, n'kudzaza modyeka ndi makina owotcherera a laser. Koma ndi ntchito yodula, yoyenera wotchi yamtengo wapatali kapena yachikumbutso. Kwa ena tonsefe mankhwala ndi kutsuka: madzi ofunda, sopo pang'ono ndi mswachi wakale wofewa. Ngati simukudziwa kuti wotchi yanu imalowa madzi kapena ayi, chotsani kaye lamba mutsuke payekha. Ndipo wina akafuna kuviika wotchi yonse m'makina otsukira a ultrasonic osachotsa lamba, mukanize. M'makinamo mumalowa lamba yekha.

Thokozani: Ndionjezere chenjezo la kupolisha. Mnzanga anapereka yake kuti angolimbitsa loko, wokonzayo mwa kukoma mtima kwake anaipolisha yonse osafunsa. Lamba amene anali ndi timizere tosalala tosawala anabwera akunyezimira ngati kalilole, makona onse atafafanizika. Kupolisha ndi kusenga chitsulo, chimene chachoka sichibwerera. Muzinena poyambirira kuti musapolishe.

Tiyamike: Ndabwerako abale. Ndinapita kwa munthu woyamba uja ndi kapini kanga m'manja. Poyamba anakana, akuti wotchi ndi yakale ndiye mabowo anakula. Ndinamufunsa modekha kuti, "Nanga kolala munaibwezeramo?" Anakhala chete, kenako anandifunsa kuti kolala n'chiyani. Sindinakalipe, mphamvu zinangondithera. Anatsegula dirowa n'kupeza linki yachitatu ija, anandipatsa, n'kupepesa. Anati andikonzerenso ulere koma ndinakana.

Mphatso: Akanalipira galasi ameneyo. Mwamusiya mophweka kwambiri.

Chikondi: Ine ndikuona kuti achita bwino kutenga linki n'kuchoka. Kukangana kukanawathera tsiku, galasi lake n'kuikiridwanso lolakwika.

Mphatso: Koma mawa adzaononga ya munthu wina.

Tiyamike: Ndinamuonetsa uthenga wa bambo Mbewe uja pafoni, anauwerenga mpaka kumapeto ndipo anapempha kuti ndimutumizire. Kaya aphunzirapo kanthu, ndi zake. Ine ndinapita kwa wokonza wina, bambo wachikulire amene mnzanga wa kuntchito anandilozera. Anatulutsa mapini onse a malo amene anakhudzidwa. Mbali inayonso munalibe kolala, monga munanenera bambo Mbewe, ndipo pini yake inali itatuluka kale pang'ono, ndikanaivala sabata ina ikanagwanso. Mwamwayi m'malinki atatu aja munapezeka kolala ziwiri, ndiye zakwanira. Anasunthanso linki imodzi kuchoka mbali ya 6 kupita mbali ya 12, ndipo pano yakhala pamkono ngati inapangidwira ine. Galasi waitanitsa, akuti ndisaivale kufikira litabwera chifukwa chinyezi chingalowere pa mng'alupo n'kuononga mkati. Kukalika kwa pakona pamene inamenyetseka ndamuuza asakupolishe.

Agogo Nachisale: Mwana wanga, undifunsireko kwa bambo ameneyo ngati amadziwa malamba otamuka.

Tiyamike: Ndifunsa agogo, ndikupitanso Lachisanu kukatenga.

Bambo Mbewe: Mwachita bwino mayi. Mukakaitenga, mukamupemphe aone ngati ikusunga nthawi, chifukwa kugwa pa sitepe kumagwedezanso za mkati. Ndipo sabata yoyamba, madzulo alionse muziyendetsa chikhadabo m'mbali mwa lamba, uku ndi uku. Pini iliyonse izikhala yofanana ndi linki kapena yolowa mkati pang'ono. Mukamva kena kakukola chikhadabo, muivule pomwepo mubwerere nayo. Malinki atatu otsalawo tsopano alibe kolala zokwanira, ndiye mumufunse ngati angakupezereni zina zoti musungire limodzi mu envelopu.